Ndani amayeza madzi amene timamwa?

Mjigo watsopano ukakumbidwa pamudzi, pamayenera kukhala tsiku limene madzi ake amatungidwa m'botolo n'kupita nawo ku labotale. Zotsatira zikakhala zabwino amamanga pampu, amasankha komiti ya mjigo, amayi amalulutira, ndipo alendo amene anabwera ndi galimoto amabwerera kwawo. Kuchokera pamenepo mijigo yambiri imatha zaka osayezedwanso. Chikhalirecho mudzi ukukula, zimbudzi zikuyandikira, simenti ya pansi pa pampu ikung'aluka, nkhumba ndi mbuzi zikusewera m'chithaphwi cha pambali. Madziwo m'maso amaonekabe mbee, ndipo ife timangoti ndi a pa mjigo, ndi abwino.

M'chaka cha 2019 ndi 2020 ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu ya National Statistical Office inachita kafukufuku wa m'makomo wotchedwa MICS, ndipo ulendo umenewo anayezanso madzi akumwa. Anapeza tizilombo ta E. coli pa malo otungira madzi a anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse. Atayeza madzi a m'chikho chimene munthu amamwera m'nyumba, chiwerengero chinapitirira 9 mwa 10. E. coli amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama, choncho akapezeka m'madzi ndiye kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi. Dziko lathu limatamandidwa kuti anthu ake ambiri amatunga pa mjigo kapena pa mpopi, ndipo n'zoona. Koma kukhala ndi mjigo n'kwina, kumwa madzi abwino n'kwina, ndipo chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi kuyeza.

Kuyeza madzi si ntchito imodzi. Pali zimene woyeza amaona pomwepo ali m'mbali mwa mtsinje kapena pa mjigo, ndi kachipangizo ka m'manja: kuwawasa kwa madzi kumene amati pH, kuchuluka kwa mchere wosungunuka, kutentha, ndi kuderako kwa madzi chifukwa cha matope. Pali zina zofuna makina a mu labotale, monga fluoride (mchere wina wochokera m'miyala), nitrate (wochokera ku feteleza ndi nyansi), chitsulo ndi mtovu. Ndiye pali tizilombo, ndipo apa m'pamene pali ntchito yovuta. Woyeza amatunga madzi m'botolo lophikidwa bwino, amasefa mamililita 100 pa kapepala kosefera, n'kukaika m'kabokosi kotentha madigiri 44 usiku wonse. M'mawa amawerenga timadontho timene tamera pakapepalapo, ndipo kadontho kalikonse kachokera ku kachilombo kamene kanali m'madzi. Botolo lija liyenera kusungidwa pozizira ndi kufika koyezera m'maola ochepa, makamaka asanakwane 6. Likachedwa, tizilombo timafa kapena kuswana m'njira, ndipo zotsatira zimanama.

Tsono taganizani za mtunda. Labotale yaikulu ya boma yoyezera madzi ili ku Lilongwe, ndipo nthambi zake zili ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Kuchoka ku Chitipa kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 300. Botolo limodzi la madzi a m'mudzi wa kumeneko limafuna galimoto, mafuta, madzi oundana, mankhwala oyezera amene amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, komanso magetsi osathima usiku wonse. Chimodzi chikasowa, ulendo wonse wapita pachabe. Zipangizo zonyamula m'chikwama zoyezera tizilombo pompo zilipo, ndipo zimathandiza kwambiri, koma nazonso zimafuna mankhwala ndi munthu wophunzitsidwa. Nthawi zambiri zimabwera ndi pulojekiti, ndipo pulojekiti ikatha zimagona m'kabati.

Zotsatira zikatuluka amaziyerekeza ndi muyezo. Miyezo imeneyi amalemba ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo ya madzi akumwa ilipo iwiri imene aliyense wogwira ntchito za madzi amaidziwa pamtima. MS 214 ndi ya madzi othiridwa mankhwala, monga a m'mipopi. MS 733 ndi ya mijigo ndi zitsime zotetezedwa. Wachiwiriwu ndi wofewerapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka m'chimbudzi ngakhale kamodzi, pamene MS 733 imalola mpaka 50. Pa fluoride, WHO imaika malire pa mamiligalamu 1.5 pa lita, pamene MS 733 imalola mpaka 6.

Chifukwa chake n'chomveka. Mutati mutseke mjigo uliwonse wolephera muyezo wa WHO, anthu abwerera kumtsinje ndi kuzitsime zosavundikira, kumene madzi ndi oipa koposa. Koma ine zimandivuta kuvomereza kuti mwana wa kumudzi alembedwere malire ena, wa m'tauni malire ena, ndipo zikhale choncho mpaka kalekale. Fluoride sapweteka lero. Amaunjikana pang'onopang'ono m'mano a mwana amene akumera, mano n'kuchita mawanga ofiirira amene sachoka ngakhale atsukidwe bwanji, ndipo akachuluka kwa zaka zambiri amalowerera m'mafupa. Madera monga Nathenje ku Lilongwe ndi Liwonde ku Machinga amadziwika ndi vuto limeneli. Limachokera m'miyala ya pansi, makamaka kufupi ndi akasupe a madzi otentha, choncho palibe munthu woti mum'loze chala. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride, ndipo kolorini sachita kanthu pa iye. Chimene chimathandiza ndi kudziwa msanga kuti mjigo uwu ndi wochapira ndi kuthirira, wakumwa ndi uwo, ndipo munthu sangadziwe popanda kuyeza.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje vuto la pansi pa nthaka ndi mchere. Kumeneko lilime limayeza lokha, ndipo mjigo wa mchere anthu amangousiya n'kukatunga ku Shire, kumene kuli ng'ona ndi tizilombo. M'madera ena a kumtunda madzi amatuluka ndi chitsulo, amafiiritsa zovala ndi nsima, ndipo ngakhale chitsulocho sichidwalitsa kwenikweni, chimathamangitsira anthu ku madzi oopsa.

Nanga udindo ndi wa yani? Lamulo lalikulu ndi Water Resources Act la 2013, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1969. Limati madzi a m'nyanja, m'mitsinje ndi apansi pa nthaka ndi a dziko, ndipo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liziwayang'anira. Mayi wotunga madzi a pakhomo safunika chilolezo. Koma esiteti yopopa madzi othirira, kampani yokumba mijigo, ndi fakitale yotaya madzi oipa mumtsinje ziyenera kukhala ndi chilolezo cha bungweli. Pali lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linabweretsa Malawi Environment Protection Authority, yoona kuti chitukuko chachikulu chisanayambe aunike kaye mmene chidzakhudzire chilengedwe, ndi kulanga owononga. Pali Waterworks Act la 1995, limene pansi pake pali mabungwe asanu ogulitsa madzi: la Blantyre, la Lilongwe, ndi a zigawo zitatu. Unduna wa zamadzi uli ndi malabotale aja. Unduna wa zaumoyo uli ndi alangizi a zaumoyo m'midzi, amene amagawa kolorini ndi kuyendera zitsime. Makhonsolo nawo amaona za zinyalala ndi ukhondo, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo akhala akusamalira masuweji, mapaipi onyamula nyansi za m'zimbudzi, a m'mizinda.

Malamulowa si oipa. Vuto ndi loti dontho limodzi la madzi limadutsa m'manja mwa onsewa, ndipo likaipa aliyense amakhala ndi mnzake womuloza. Zinaoneka poyera mu July 2017 ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, pamene nyansi za m'suweji yophulika zinalowa m'paipi ya madzi akumwa ndipo anthu anatunga nyansizo m'mipopi ya m'nyumba zawo. Paipi ya madzi inali ya bungwe lina, suweji inali m'manja mwa ena, nyumba zinali za ena. Anthu a m'deralo anakafika mpaka kukhoti. Chimene sitiyenera kuiwala pa nkhani ija n'chakuti amene anayamba kuzindikira anali eni nyumba, ndi mphuno zawo ndi maso awo, madzi atalowa kale m'makapu.

Mmene nyansi zimalowera m'paipi ndi nkhani yofunika kuimvetsa, chifukwa imakhudza aliyense wokhala kumene madzi amasiyasiya. Paipi ikadzaza, madzi amakankhira kunja, choncho ngakhale itaboka, amangotuluka. Madzi akasiya, m'paipi mumatsala mpata, ndipo pobooka paja pamayamba kuyamwa chilichonse chimene chili m'dothi lozungulira. Madzi akabweranso amanyamula zonsezo kupita nazo kumpopi. N'chifukwa chake oyeza sakhutira ndi madzi a pamalo oyeretsera okha. Amayenera kupita kumpopi wakumapeto kwenikweni, ku kiyosiki ya ku Mtandire kapena ku Bangwe, n'kuona ngati kolorini wafikako. Pamafunika kuti atsaleko mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita kuti aphe tizilombo tolowera m'njira. Mabungwe ogulitsa madzi ali ndi malabotale awoawo ndipo amayeza kawirikawiri kuposa wina aliyense m'dziko muno. Komabe wogulitsa akamadziyeza yekha, pamafunika diso lina lakunja loyeza mosayembekezereka, ndipo zotsatira zake ziziikidwa poti wogula aziona.

Ku mitsinje nkhani imasintha. Aliyense amene anawolokapo Mudi mumzinda wa Blantyre m'mwezi wa October amadziwa fungo lake. Mtsinjewu umadutsa m'mbali mwa Ndirande ndi m'dera la mafakitale la Makata, ndipo umalandira zotuluka m'mafakitale, m'masuweji ophulika ndi m'misika. Nyansi zowola zikalowa m'madzi, tizilombo timazidya, ndipo pozidya timamaliza mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Oyeza amatseka madzi m'botolo masiku 5 pa madigiri 20, n'kuona kuchuluka kwa okosijeni amene watha. Muyezo umenewu amautcha BOD, ndipo ukakwera ndiye kuti mtsinje ukubanika. M'chilimwe madzi amachepa koma nyansi sizichepa, n'chifukwa chake fungo limakula nthawi imeneyo. Kumunsi kwake anthu amachapa, amathirira ndiwo zamasamba m'madimba, ndipo ndiwozo zimabwerera kumsika wa mumzinda womwewo.

Chilolezo chotayira madzi oipa chimanena malire amene fakitale isapitirire, ndipo a Bureau of Standards ali ndi miyezo ya zimenezi. Koma botolo limodzi limangonena za mphindi imene latungidwa. Fakitale yofuna kuzemba ikhoza kutsegula paipi usiku, kapena mvula ikamagwa, ndipo woyendera wobwera masana Lachitatu adzapeza madzi abwinobwino. Kuti mugwire wotere pamafunika kuyeza kumtunda ndi kumunsi kwa paipi yake, mobwerezabwereza, pa nthawi zosiyanasiyana, n'kusunga zotsatira mwa njira yoti khoti likazikhulupirire. Pamafunikanso kuti chindapusa chikhale chowawa kuposa mtengo womanga malo oyeretsera, apo ayi mwini fakitale amangochiwerengera pamodzi ndi ndalama za magetsi. Ndipo pali chinthu china chimene chimanenedwa motsitsa mawu: ena mwa oipitsa mitsinje kwambiri ndi malo a boma omwe oyeretsera nyansi, amene anamangidwa mizinda ikadali yaing'ono ndipo makina ake anatopa. Nthambi ya boma kulipiritsa nthambi inzake si chinthu chapafupi.

Pali kuipa kwina kumene kulibe paipi yoti mungatseke. Mitengo ikatha ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, dothi limatsikira m'madamu a Kamuzu amene mzinda umamwa. Munthu akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, feteleza ndi mankhwala opopera amatsetserekera m'madzi ndi mvula yoyamba. Matope amateteza tizilombo kuti kolorini asatifikire, choncho nthawi ya dzinja mabungwe a madzi amawononga mankhwala ambiri kuti matopewo akhazikike, ndipo mtengo wake umabwera pa bilu. Ku Walker's Ferry, kumene Blantyre imapopa madzi ake ambiri mu Shire, matope akhala akuvutitsa kwa zaka. Chonde chokokolokacho ndicho chimanenepetsa namasupuni amene amatseka madzi ku Liwonde ndi kusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Apa wapolisi sangathandize kwenikweni, pakuti olakwa ndi anthu zikwizikwi osauka, aliyense ndi khasu lake kapena thumba lake la makala. Lamulo la 2013 linaganizira zimenezi polola kuti pakhale makomiti osamalira madera amene mitsinje imatungamo madzi, koma komiti yopanda ndalama ndi yopanda chonena kwa mlimi amene dimba lake ndilo chakudya cha ana ake imangokhala dzina.

Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa la mitsinje yambiri ya kuno limathera m'nyanja ya Malawi. Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe amathira m'nyanja ku Salima. Bua, Dwangwa, South Rukuru, North Rukuru ndi Songwe nawo amathera momwemo, pamodzi ndi Ruhuhu wa ku Tanzania. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo pena imazama mamita pafupifupi 700, choncho anthu amaganiza kuti ingameze chilichonse. Koma potulukira pake ndi pamodzi pokha, pa Shire, ndipo madzi otuluka pamenepo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene amauma ndi dzuwa. Madzi akamauma, zimene anasungunula zimatsala. Chimene chalowa m'nyanja ya Malawi chimatenga zaka mazanamazana kuti chitulukemo. Komanso kutsika kupitirira mamita pafupifupi 250 mulibe okosijeni, moti nsomba zonse, chambo, usipa ndi mbuna zimene zinachititsa kuti paki ya ku Cape Maclear ilowe m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, zimakhala m'madzi a pamwamba okha. Matope akakwirira miyala, ndere zimene mbuna zimadya zimafa. Chonde chikachuluka, ndere za mtundu wina zimabuka n'kudetsa madzi. Kusintha kotere kumachitika pang'onopang'ono, ndipo kumaoneka kokha ngati wina wakhala akuyeza pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka. Zambiri zimene zimadziwika za madzi a m'nyanjayi zinachokera ku mapulojekiti a kafukufuku amene anabwera n'kutha. Popeza nyanjayi imakhudzanso Tanzania ndi Mozambique, kuyeza kwa dziko limodzi sikungakwanire.

Nyanja ya Chilwa ndi yosiyana. Ilibe potulukira, ndi yosazama, ndipo inaphwerapo kangapo, monga mu 1968 ndi mu 1995. Zonse zimene Likangala watenga mumzinda wa Zomba zimathera momwemo. Asodzi okhala pa zimbowera, tinyumba toyandama pa madzi, amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo, ndipo kolera wakhala akubuka kumeneko mobwerezabwereza.

Kolera ndiye amatiuza zoona pamene malabotale ali chete. Mliri umene unayamba mu March 2022 ku Machinga, pambuyo pa namondwe Ana, unafalikira maboma onse, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Nthawi imeneyo kolorini anapezeka, zitsime zinayezedwa, magalimoto anayenda. Madzi osefukira amagwetsa zimbudzi n'kumiza mijigo, choncho mjigo umene unali wabwino chaka chatha ukhoza kukhala woopsa lero. Zimandiwawa kuti ndalama zoyezera madzi zimapezeka anthu atayamba kale kugona m'matenti a odwala, pamene kachigawo kochepa ka ndalama zomwezo kakanatha kuonetsa chitsime choopsa miyezi ingapo m'mbuyo.

Migodi ikubweretsa mayeso atsopano. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, umene unayamba mu 2009 n'kuima kaye mu 2014, unabutsa mkangano waukulu pa nkhani yotayira madzi oyeretsedwa mumtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru n'kukafika kunyanja. Kampani inkati madziwo ndi abwino, anthu ambiri sankakhulupirira. Mkangano wotere umatha pokhapokha boma likakhala ndi zotsatira zakezake, zoyezedwa mgodi usanayambe ndiponso ukugwira ntchito, zimene aliyense angawerenge. Anansi athu a ku Zambia anaona mbali yoopsa ya nkhaniyi pa 18 February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Pamene Malawi akuika chiyembekezo pa migodi, labotale yotha kuyeza zitsulo zoopsa iyenera kukhalapo mgodi usanatsegulidwe.

Chimene ndingapemphe poyamba n'chaching'ono kuposa zonsezi. Zotsatira za kuyeza zizibwerera kwa eni madzi. Nthawi zambiri botolo likapita, mudzi sumvanso kanthu, ndipo pepala limathera m'faelo ya ku ofesi. Pa mjigo uliwonse pakanakhala kachikwangwani konena tsiku limene madzi anayezedwa komaliza ndi zimene zinapezeka, m'Chichewa kapena m'chilankhulo cha kumeneko, komiti ya mjigo ikanadziwa nthawi yoitana mlangizi wa zaumoyo, yomata ming'alu ya simenti, ndi yokambirana ndi amene wakumba chimbudzi pafupi kuposa mamita 30 amene alangizi amalimbikitsa. Kusiyana kuja kwa 6 mwa 10 pa malo otungira ndi 9 mwa 10 m'chikho kumasonyezanso kuti madzi ambiri amaipira m'njira ndi m'nyumba: m'chigubu chosatsuka, m'masamba oikidwa pamwamba pa ndowa kuti madzi asatayike, m'kapu imodzi yotungira ndi kumwera. Mayi amene wauzidwa kuti madzi a pa mjigo wake anapezeka ndi tizilombo mwezi watha sachedwa kuthira kolorini mumtsuko. Ndipo nthawi yofunika kwambiri kuyeza imadziwika kale: ndi masabata oyamba a mvula, m'November ndi December, pamene zonse zimene zinaunjikana pansi chilimwe chonse zimayamba kutsikira kumene tikutunga.